Theka la Filimu la Mwana wa Rozalina

1979: Ntchito yoyamba

Za ubwana wanga ndazidumpha dala, ana anga. Munazimva kokwanira kwa azakhali anu, ndipo zambiri anachita kukometsera. Ndiyambira pamene ndinavala khoti loyera koyamba ku Blantyre monga wojambula ekisire. Amene anandilandira anali mkulu wina wosaseka, wonunkha mankhwala otsukira mafilimu ngakhale Lamulungu m'tchalitchi. Poti ndinali watsopano, anandipatsa ntchito imene anzanga onse ankaithawa: kujambula matenda a kotulukira chimbudzi. Munthu akabwera akuchita chimbudzi cha magazi, ndine ndinkamuthira phala loyera la mankhwala kudzera kumbuyo kuti matumbo aoneke pa filimu. Akabwera ndi kabowo kotuluka mafinya pambali pa njira ya chimbudzi, ndine ndinkapopera mankhwala m'kabowomo kuti tione kumene kalowera. Anzanga anandipatsa dzina loti a Kumbuyo, ndipo ndikalowa m'kantini ankasuntha makapu awo a tiyi. Zinkandiwawa, ndisaname. Nditakadandaula kwa mkulu uja, anangoti, “Mnyamata iwe, odwala kumeneko amafika kuno atavutika zaka chifukwa cha manyazi. Ukamanyansidwa nawo iwe, apite kwa yani?” Sindinadandaulenso, ndipo ntchitoyo ndinaidziwa bwino.

Iwe Tiyamike, amene ukuphunzira udokotala wowerenga zithunzi, chaka chatha unandionetsa zithunzi za makina anu aja olowetsa munthu yense m'chimphanga. Mnofu uliwonse wozungulira njira ya chimbudzi unkaoneka pawokha, ngakhale kanjira ka mafinya kopyapyala ngati ulusi. Unadabwa kuona ine ndikudzuka n'kutuluka panja. Sikunali kunyoza ntchito yako, mwanangu. Unali mkwiyo, ndipo mkwiyo umenewo ndinautenga ku Mwanza.

1987: Mwanza

Boma linandibwereketsa ku kachipatala kena kufupi ndi malire a Mozambiki, kamene anthu achifundo akunja anakamanga mothamanga chifukwa cha othawa nkhondo. Musakavutike kukafunafuna, nkhondo itatha anthu anasasula malata, lero pamera tchire. Tinafika ndi amayi anu nthawi ya manachesi, msewu wonse uli mbuu ndi fumbi, ndipo m'mbali mwake munali anthu ochokera cha ku Zobuwe atasenza mphasa, mapoto ndi ana. Ambiri ankalankhula Chichewa chathu chomwechi, chosakanizika ndi Chinyungwe ndi Chipwitikizi. Ena anali ndi abale m'midzi ya kwa Nthache, ena analibe ndi mmodzi yemwe, ndiye ankangounjikana mumsasa.

Makina anga anali akale kuposa ine. Ankayendera injini ya magetsi imene inkalira ikafuna, ndipo choimikira filimu chinali chothyoka, moti pojambula munthu choimirira pankafunika wina wogwira bokosi la filimu ndi manja. Koma vuto lenileni linali mafilimu. Ankabwera mwakamodzikamodzi, pamene odwala ankabwera tsiku lililonse: a chifuwa chachikulu, oponda mabomba okwirira, ana okhala ndi tizitsulo m'ntchafu. Ndinaphunzira kusankha woti ndimujambule ndi woti ndimuuze kuti akabwere mwezi wamawa. Ntchito yosankhayo ndi yonyansa kuposa iliyonse imene ndinagwirapo ku Blantyre.

Dokotala wachizungu ankangobwera mwa apo ndi apo. Tsiku ndi tsiku odwala ankaonedwa ndi a Lungu, kiliniko ofesala amene aliyense ankawatcha adokotala, munthu wa manja abwino koma wamantha. Kuchipinda cha amayi kunali asisitala Namaona, namwino wamkulu, namfedwa wolankhula mosapsatira. Ndiye pamwamba pa tonsefe panali a Chikafa, woyang'anira chipatala. Ha, a Chikafa! Jekeseni sankadziwa kuti imagwiridwa mbali iti, koma makiyi onse anali m'thumba mwawo: a sitolo, a mafuta, a ambulansi. Azungu akabwera ankaseka mano onse pamtunda, akumati “abale athu ovutikawa.” Azungu akangokhota pa msewu, abale aja ankasanduka “alendo onunkha utsiwa.” Paja amati galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, ndipo ife tinkaluma mano n'kumagwira ntchito.

1988: Sabata ya mafilimu awiri

Sabata imeneyo m'bokosi munatsala mafilimu awiri okha, akuluakulu. Lolemba a Chikafa analowa m'chipinda changa, n'kutseka chitseko, n'kutsitsa mawu. “A Kampira, Lachisanu kukubwera mlendo, mkulu wina wa chipani. Ali ndi kachilonda kotuluka mafinya kumalo kumene inu mumakudziwa bwino. Ku Blantyre kapena pa Boma safuna, anthu angamuone. Mafilimu awiriwa ndi ake.” Anatenga pulasitala, n'kumata bokosilo, n'kusainapo dzina lawo. Ndinafunsa kuti nanga kukabwera wovulala? Anati, “Mukamuuze kuti makina afa.”

Lachiwiri m'mawa asisitala Namaona anatulukira pakhomo panga ndi a Lungu. Kumbuyo kwawo kunali mayi wamng'ono wa mumsasa, woyenda pang'onopang'ono, atafukata kanthu m'chitenje. Dzina lake anali Rozalina. Mwamuna wake anatsala kutsidya kwa malire ndipo palibe ankadziwa ngati ali moyo. Anali atabereka mwana wamwamuna dzana lake mumsasa momwemo, ndipo amayi omusambitsa ndi amene anazindikira kuti mwanayo sanachitepo chimbudzi chakuda chija choyamba. Atamutembenuza anapeza kuti njira palibe. Panali kakhungu kosalala, kolowa pang'ono, basi. Kamimba kanali katayamba kutupa, kakunyezimira.

A Lungu anati, “A Kampira, mukudziwa chimene ndikufuna. Ngati thumbo lathera pafupi ndi khungu, nditsegula pompano, mwana achira. Ngati lathera patali, ndikadula ndipha. Pamenepo afunika ku Blantyre lero lomwe, akamuboole pamimba. Sindingadule mongoganiza.” Ndinkadziwadi. Mwana wotero umamumata kandalama pamalo pamene pakanakhala njira, n'kumuzondotsa mutu pansi kwa kanthawi kuti mpweya wa m'matumbo ukwere mpaka pamene thumbo latsekekera, kenako n'kujambula cham'mbali. Pa filimu umayang'ana kutalika kwa pakati pa mpweyawo ndi kandalamako. Chithunzi chimodzi chokha, ndipo moyo wa mwana uli pamenepo.

Ndinapita ku ofesi ya a Chikafa mwaulemu wonse, chipewa m'manja. Ndinafotokoza. Iwo osadzutsa ndi mutu womwe, anati, “Ndinati chiyani dzulo?” Ndinati, “Bwana, ndi mwana wa masiku awiri.” Anati, “Amabereka tsiku lililonse mumsasamo. Mlendo wathu akapeza filimu palibe, mukamuyankha ndinu? Inu ndi ine tikagona kuti?” Masiku amenewo funso limenelo silinali nthabwala, ana anga, anthu ankasowa chifukwa cha zazing'ono kuposa filimu. Ndinatuluka. Ndinaganiza za amayi anu, ndinaganiza za iwe Tiyamike, uli kumsana nthawi imeneyo. Ndiye ndinamva kamwana kaja kakulira pakhonde, kulira kopanda mphamvu, ndipo ndinalowa m'chipinda cha mdima n'kung'amba pulasitala. Ndinatulutsa filimu imodzi, n'kuidula pakati ndi sizasi. Theka ndinabwezera m'bokosi pamodzi ndi yathunthu ija, theka linalo ndinaika m'chojambulira. Ndinawerengera kuti mlendo wa Lachisanu imodzi ndi theka zimukwanira, ndipo kamwanako, kuyambira m'chifuwa kutsika, kakwana pa theka.

Nditatambasula manja kuti ndilandire mwana, Rozalina anabwerera m'mbuyo, n'kunditchula kuti bwana m'Chipwitikizi. “Senyoro, muli ndi akazi kunyumba?” Ndinati eya. “Ndiye mwana wangu musamukhudze. Mchombo sunagwe.” Mtima unandipsa. Abale, ine ndaika khosi langa pa mpeni, mwana akutupa, ndiye tiyambe kufunsana za kuchipinda kwanga? Koma mwambowo ndi wathu womwe: munthu wapabanja ndi wotentha, akagwira mwana wa m'chikuta amamutsempha. Amayi anu nawonso ankabweza alendo pakhomo inu muli m'chikuta, ine osanenapo kanthu. Ndinati chabwino, agwire asisitala, poti iwo ndi namfedwa ndipo anali atamugwira kale. Koma atamva kuti mwanayo tikufuna kumuzondotsa, Rozalina anakana ndi mutu. “Mwana sanyamulidwa ngati nkhuku yopita kumsika. Ngati n'kumuzondotsa, ndimuzondotsa ndekha.”

Zinatero. Asisitala anamata kawani tambala pamalo paja, n'kugwira bokosi la filimu. Epuloni ya mtovu yotchinga mphamvu ya makina inalipo imodzi, tinamuveka Rozalina, yolemera moti anachita kupindika. Anagwira timiyendo ta mwana wake ndi dzanja limodzi, linalo kuchirikiza kamutu, n'kumuzondotsa chadodolido. Ndinamuuza kuti adikire mpweya ukwere. Mayi woti wabereka dzana, wayenda wapansi kuchokera kumsasa, manja anayamba kunjenjemera, thukuta kuyenderera m'khosi. Mwana analira, kenako anangoti zii, maso ali tong'o. Rozalina ankamunong'oneza timawu ta Chinyungwe. Ndinati, “Mayi, musagwedezeke, filimu ina palibe.” Analuma mlomo n'kuuma ngati mtengo. Ndinadina.

Chithunzicho chinatuluka bwino kuposa zambiri zimene ndinajambulapo pa moyo wanga, ndipo zimenezo zimandikwiyitsa mpaka lero. Kandalama kanali koyera mbee m'mwamba, mpweya wakuda utathera patali, pokwana zala zitatu pakati pake. A Lungu anayang'ana filimu ikudontha madzi, n'kupuma mozama. “Lili patali. Pano sindingathe. Ambulansi inyamuke.”

Tili chomwecho chitseko chinatseguka. Kulira kwa injini kunali kutawaitana a Chikafa. Anayang'ana filimu, n'kuyang'ana ine. “Mwaitenga kuti?” Ndinati, “M'bokosi, bwana. Ndadula theka lokha, za mlendo zilipo zokwanira.” Sanakalipe ayi. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anamwetulira. A Lungu anayamba kupempha ambulansi, koma a Chikafa anawadula. “Mafuta mulibe. Komanso ine ndine yani pano? Amene akulamulira chipatala chino ndi a Kampira. Filimu adzipatsa okha, galimoto adzipatsenso okha.” Asisitala Namaona anati, “A Chikafa, opani Mulungu. Mlandu wanu ndi a Kampira, mwanayu walakwanji?” Iwo anatuluka makiyi akulira m'thumba.

Ndinathamangira kumsewu khoti loyera lili m'thupi. Basi ya ku Blantyre inali itadutsa kale. Malole obweretsa chimanga kumsasa anali atabwerera dzulo lake, ndipo ina inkayembekezeka mawa. Ndinaimika galimoto iliyonse yodutsa. Zina zinali zodzaza, zina zikumva za mwana wa othawa nkhondo wodwala zinkangoponda moto. A Lungu anabwereranso ku ofesi kawiri, anagwada ndithu, munthu wamkulu. Ndipo dzuwa likupendeka ndinaiona ndi maso angawa ambulansi yopanda mafuta ija ikuchokera ku Boma, itanyamula makireti a zakumwa ndi mbuzi yolandirira mlendo wa Lachisanu. Mbuzi! Inatsitsidwa bwinobwino, anthu awiri akuigwirizira kuti isathyoke mwendo.

Rozalina ndi asisitala anakwera lole ya chimanga mawa lake masana, atakhala pa masaka opanda kanthu, filimu ili mu envulopu. Mwana anali atayamba kusanza zobiriwira. Anatsirizika asanaoloke Shire. Dalaivala anawatsitsa pa mlatho, ndipo iwo anadikira galimoto yobwerera. Poti anamwalira mchombo usanagwe, anaikidwa ndi amayi okhaokha kumapeto kwa manda a mumsasa, popanda kulira, popanda nyimbo, popanda dzina.

Asisitala atabwera kudzandibwezera envulopu, anandiuza mawu amene sindinawakhululukire msanga. “A Kampira, mukanapanda kung'amba pulasitala ija, mwina munthu uja akanapereka galimoto.” Ndinati, “Ndikanapanda kung'amba, mukanadziwa bwanji kuti pakufunika galimoto?” Anati, “Tikanangomutumiza osajambula.” Ndinati, “Ndipo a Chikafa akanavomera kuwotcha mafuta popanda chithunzi, chifukwa cha mwana wa mumsasa? Mumawadziwa kapena mwaiwala?” Nkhaniyi sitinaikambenso mpaka tinasiyana. Ine ndikunena pano, ndi dzanja langa: pulasitala ija ndikanaing'ambanso. Mwana uja sanaphedwe ndi sizasi yanga. Anaphedwa ndi munthu amene anafuna kundionetsa kuti mwini makiyi ndani.

Lachisanu mlendo anafika pa galimoto yakuda, n'kulowera khomo la kuseri. Ndinkayembekezera chilombo, koma patebulo panga panagona bambo wachikulire wamanyazi, wamantha, atagwira thalauzi m'manja. Anati, “Mwana wanga, musakauze munthu.” Za Rozalina sankadziwa chilichonse, ndipo palibe anamuuza. Ndinapopera mankhwala m'kabowo kake mosamala monga ndinaphunzirira. Cha kutsogolo ndinajambula pa filimu yathunthu, cham'mbali pa theka lotsala lija. Kanjira ka mafinya kanaoneka konse. Zinakwana, monga ndinanenera. Anandithokoza, anadya mbuzi yake, n'kunyamula zithunzi zake kupita nazo. Mwezi usanathe ndinauzidwa kuti ndine wosamvera akuluakulu ndipo ndikusamutsidwira kuchigwa, kotentha kuja munakulira. A Chikafa anakhalabe, ndipo ndinamva kuti pambuyo pake anakwezedwa.

Tikumanga katundu, ndinapita kuchipinda changa kukatenga khoti ndi kapu yanga. Pakhonde ndinapeza Rozalina atakhala pansi, chitenje chobereka nacho mwana atachimanga m'chiuno. Anagwada. “Senyoro, ndamva kuti mukuchoka. Ndabwera kudzapempha chithunzi cha mwana wangu.” Ndinayamba kufotokoza kuti sichili ngati zithunzi za kwa ojambula a m'tauni, koma anandidula. “Ndikudziwa munamujambula, ndinamugwira ndine. Bambo ake sanamuone. Nkhondo ikadzatha, akadzandifunsa kuti mwana anali wotani, ndidzawaonetsa chiyani? Manda sindingawanyamule.”

Lamulo linkati filimu ndi ya chipatala. Ndinaitulutsa mu envulopu, n'kuitembenuza kuti miyendo iloze pansi monga munthu amaimirira, n'kuigwira pawindo. Rozalina anayandikira, osaphethira.

“Iyi ndi miyendo?”

“Eya, mayi.”

“Ichi choyerachi?”

“Ndi kandalama kaja.”

Anatsata msana ndi chala, kafupa ndi kafupa, kukwera m'mwamba, mpaka chala chinafika pamene sizasi yanga inadutsa. Anaima pamenepo.

“Nanga nkhope?”

Ndinati filimu inathera pomwepo. Ndinamuuza zoona, kuti inali yaikulu, yokwana mwana yense, koma ndinaidula pakati. Nkhope yake inawala, koyamba chimuonereni. “Ndiye theka linalo lilipo! Mundipatse, senyoro, ndikalumikiza ndekha ndi ulusi.”

Ana anga, ndajambula anthu zaka zambiri, ndauzapo anthu nkhani zoipa osagwetsa maso. Tsiku limenelo ndinagwetsa maso. Ndikanamuuza bwanji kuti theka limene ankafunapo nkhope ya mwana wake linapita pa galimoto yakuda, lili ndi chithunzi cha kumbuyo kwa mkulu wa chipani? Ndinangoti, “Silili pano, mayi.”

Anakulunga theka lake m'chitenje chija mosamala, n'kuliika pachifuwa, n'kundithokoza m'Chinyungwe. “Ndatenda, senyoro. Mukadzalipeza, mukawasiyire asisitala. Ine ndizibwera kudzafunsa.”

Patatha zaka ndinakumana ndi a Lungu pa maliro ena ku Blantyre. Anandiuza kuti Rozalina ankabweradi, mwezi ndi mwezi, mpaka tsiku limene malole anafika kudzatenga othawa nkhondo kubwerera nawo kwawo.